Kalata kwa a Nduna ya Zaumoyo: odwala osiya mafizo amawawerenga ndani?

Olemekezeka a Nduna,

Ndikulemba kuchokera kwa Santhe, m'boma la Kasungu. Ndine mphunzitsi wopuma pantchito, ndipo kwa zaka ziwiri tsopano ntchito yanga ndi yosamala mayi a kunyumba, amene adagwa ndi sitiroko nyengo yosankha fodya. Tidali tonse m'chigafa. Ndidangoona tsamba lapulumuka m'manja mwawo, pakamwa papindika, mawu osamvekanso.

Kuchipatala tidagonako masiku asanu ndi anayi. Dzina la chipatalacho ndilisunga, poti kalatayi si yonenera munthu. Adokotala adachita mbali yawo, BP idatsika, moyo udapulumuka. Koma amene adandiphunzitsa kukhala ndi wodwala wotere ndi mtsikana wa mafizo, wamng'ono kwa mwana wanga wachisamba. Iyeyu adandipeza ndikuwadzutsa powakoka dzanja lakufalo, nandiletsa, ati phewa lingaguluke. Adandionetsa kapindidwe ka chitenje chotsamiritsa phewalo, nandiuza kuti ndiziwatembenuza pakatha maola awiri alionse kuopa zilonda zapamsana. Tsiku lotuluka adatapa nyemba dzanja limodzi, nati mayiwo azitola imodziimodzi kuponya m'kapu, m'mawa ndi madzulo, ndipo akayamba kutopa ine ndisafulumire kuwalandira. Chomalizachi ndicho chidandivuta kuposa zonse.

Adati tizibwera sabata iliyonse. Tidapitako kawiri basi. Munthu wakufa mbali imodzi simungamukweze pa kabaza, pamafunika galimoto ya hayala, ndipo fodya wa chaka chimenecho adathera pamsewu. Tidangoleka. M'buku lakuchipatala la mayiwa, tsamba lotsatira ulendo wachiwiriwo ndi loyera mpaka lero.

Tsamba limenelo ndilo landilembetsa kalatayi. Mabanja amene tidaleka chonchi tilipo angati m'Kasungu muno? Tidalekeranji? Wodwala adayenda, adapinimbira pamphasa, kapena tidakamuika? Wodwala TB kapena wolandira ma ARV amalembedwa m'kaundula, ndipo akasowa alangizi azaumoyo amamulondola kumudzi. Wa mafizo akasowa amangosowa.

Kuphunzitsa anthu dziko lino likuphunzitsa, pamenepo sindikutsutsa. College of Medicine idayamba digiri ya mafizo mu 2010, ndipo maphunzirowa akupitirira ku Kamuzu University of Health Sciences, imene idabadwa mu 2021 College of Medicine italumikizana ndi Kamuzu College of Nursing. Malawi College of Health Sciences imatulutsa a ku labu, ojambula ekisire, opereka mankhwala ndi osamalira mano. Ku Kachere, mumzinda wa Blantyre, kwaphunzira ambiri othandiza olumala, ndipo Mzuzu University imaphunzitsa oyeza maso. Komatu kaundula wa Medical Council of Malawi amangotiuza amene ali ndi chilolezo chogwira ntchito. Satiuza kuti pa amene adamaliza maphunziro ndi angati ali m'zipatala za m'maboma, angati adalowa m'mabungwe ndi m'zipatala zolipira, angati adawoloka malire, angati akugulitsa kaunjika podikira kuti boma liwalembe ntchito. Kasungu idali ndi anthu oposa 800,000 pa kalembera wa 2018. Munthu mmodzi wa mafizo akachoka pano n'kulowera ku Lilongwe, nkhani yake iyenera kukufikani pa desiki, a Nduna, pamodzi ndi chifukwa chake.

Ndili mphunzitsi ndidaona masilabasi akusinthidwa popanda kufunsa ife amene tinkaima m'kalasi ya ana 120 ndi choko chimodzi. Ndikuopa kuti kuzaumoyo n'chimodzimodzi. Ana athuwa amaphunzirira m'zipatala zazikulu ngati Queens ndi Kamuzu Central, kumene kuli zipangizo ndi akuluakulu owaongola. Akatumizidwa kuboma amapeza matiresi, mpira umodzi ndi mzere wa anthu pabenchi. Alipo amene adawatsatira patatha chaka, n'kuwafunsa kuti pa zimene adaphunzira zawathandiza ndi ziti, nanga zimene akadakonda akadaphunzitsidwa ndi ziti? Ndikhulupirira ambiri anganene kuti adafunika kuphunzira kuphunzitsa gadiyani, chifukwa kuno mafizo enieni amachititsa ndi gadiyani. Ine ndidazika mitengo ya bulugama mizere iwiri kuseri kwa nyumba, kutengera zitsulo zimene ndidaona kuchipatala, ndipo mayiwa adaphunziriramo kuponda. Kutalika kwake ndidangoyerekeza ndi m'chiuno mwawo. Wophunzira mmodzi wa chaka chomaliza atazungulira midzi khumi kuona zimene magadiyani tikupanga, n'kulemba zothandiza ndi zovulaza, angatulutse kabuku kamene mlangizi wazaumoyo aliyense angayende nako m'chikwama.

Palinso za kayendetsedwe ka ntchito. Mtsikana uja ndiye ankaona odwala, iye yemweyo ndiye mkulu wa chigawo chake, wolemba malipoti, wokapempha mafuta a galimoto kuti akafike kuzipatala zing'onozing'ono. Tsiku lina tidamudikira mpaka dzuwa kupendeka ali kumsonkhano wa bajeti, ndipo adatuluka nkhope ili gwa. Pamsonkhano wotere mankhwala ndi mafuta a ambulansi ndizo zimayamba, ndipo n'zomveka. Koma wa mafizo, wa labu kapena wojambula akalowamo wopanda chiwerengero m'manja, amatulukamo chimanjamanja. Kafukufuku ndiye angamupatse poyambira kulankhula.

Chitsanzo tili nacho kwathu konkuno. Mu 1985 Dr Ed Blair adayambitsa maphunziro a miyezi 18 osula makiliniko ofesa a mafupa, poona kuti madokotala a mafupa sadzakwanira msanga. Ntchito ya anthu amenewa idalondolozedwa, idalembedwa, ndipo maiko ena adaphunzirapo. Lero mwana akagwa mumtengo wa mango, chikhakha amamuika kuboma konkuno osafika ku Lilongwe. Zimene zidatheka pa mafupa zingathekenso pa sitiroko, pa ana obadwa ndi vuto la ubongo amene amachedwa kukhala ndi kuyenda, ndi pa anyamata a kabaza amene akudzaza mawodi. Mu 2023 msonkhano waukulu wa WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, udagwirizana kuti chithandizo chobwezeretsa mphamvu m'thupi chikhale mbali ya chithandizo cha zaumoyo cha aliyense, ndipo ndondomeko yanu ya ntchito zaumoyo ya HSSP III ikuyenda kuyambira 2023 mpaka 2030. Pofika 2030 mudzayeza ndi chiyani ngati lero simukuwerenga?

Pempho langa ndi ili. Pa mitu ya kafukufuku imene unduna wanu umaika patsogolo, ikanipo ya anthu awa: komwe amapita akamaliza sukulu, zimene amakumana nazo kuboma, ndi zimene zimachitikira odwala awo akatuluka pageti. Ndipo komiti ya National Health Sciences Research Committee, imene imapereka chilolezo cha kafukufuku, izifunsa wofufuza aliyense kuti zotsatira adzazibweza bwanji kwa eni ake. Kuno ofufuza amabwera ndithu, atanyamula matabuleti. Amatikhazika pansi pa mtengo, kutifunsa za udzudzu, za zimbudzi, za kulera, kutisainitsa, galimoto n'kudzutsa fumbi. Chimene adapeza sitimva. Chimakalembedwa m'Chingerezi chovuta ngakhale kwa ine amene ndidaphunzitsa Chingerezicho zaka makumi atatu. Tsamba limodzi la Chichewa lowerengedwa pamsonkhano wa komiti ya chitukuko ya m'dera (ADC) kapena pa wailesi ya m'dera silingathe ndalama za boma.

Mayiwa tsopano amayenda ndi ndodo mpaka kutchalitchi, ngakhale dzanja lidakana kubwerera lonse. Mitengo ya bulugama ija sindidazule. Mwezi watha adayamba kuyendamo bambo wina wa mudzi woyandikana nafe, amene ana ake amabwera naye pangolo Lachiwiri ndi Lachisanu. Ndili ndi kope limene ndimalembamo tsiku ndi masitepe amene waponda, monga ndinkachitira ndi mayiwa. Mukatumiza wophunzira kapena wofufuza, adzalipeza.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma pantchito,
kwa Santhe, Kasungu