Konzekerani bwino musanaonetse kanema wa zakudya zochokera ku zomera

A Mkonzi,

Tikupempha onse ofuna kuonetsa kanema wolimbikitsa zakudya zochokera ku zomera kuti ayambe apeza chilolezo kwa eni ake. Kugula DVD sikupereka ufulu woonetsa pagulu.

Projekita ndi masipika ziyesedwe dzulo lake, chifukwa kasipika ka m'projekita sikangamveke kwa anthu 50. Ngati ndi panja, dikirani mdima ugwe, apo ayi zithunzi zimaoneka mbuu. Kanemayo asapitirire mphindi 60 kuti patsale 20 za mafunso, ndipo pakhale katswiri wa zakudya. Wina adzafunsa ndithu za vitamini B12, yomwe zomera sizipereka mokwanira, ndipo ayenera kuuzidwa zoona.

Pa mbale zolawitsa, lembani ngati muli mtedza kapena soya. Ena matupi awo amadana nazo.

Ife owerenga anu