Mkuyu wa pa puloti yanu usadulidwe

Zomba, Okutobala

Achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Leeds. Ife kuno tilipo, kungoti dzuwa la mwezi uno latikhaulitsa, usiku tulo sitikubwera ndi kutentha. Ndalama za simenti zija zinafika bwinobwino ndipo amisiri afika pa lintala. Zithunzi ndakutumizirani kale pa WhatsApp.

Pali nkhani imodzi imene ndaona kuti pa foni sitingaimalize. Munati mkuyu uli kumunsi kwa puloti uja udulidwe, ndipo bwalo lonse lithiridwe simenti mpaka kumpanda kuti pakhale paukhondo. Anyamata odula mitengo sindinawaitane, ndipo ndikukupemphani ndi mtima wonse kuti muganizenso kaye.

Mtengo uja panopa wabereka. Nkhuyu zangoti mbwee pathunthu ndi m'nthambi zikuluzikulu, ndipo mukapita m'mamawa phokoso la mbalame mumayamba kulimva muli kumsewu. Apumbwa ndiwo ambiri, amalimbirana ngakhale chakudya chili chosatha. Mumabweranso njiwa zobiriwira zija zimene sizioneka msanga m'masamba, umangozindikira nkhuyu zikugwa zokha. Pansi pali agulugufe ndi njuchi pa zipatso zophwanyika, ndipo pathunthu pamakhala gulo wamkulu wa mutu wabuluu, kumangogwedeza mutu uku akutola nyerere. Dzuwa likalowa ntchito imasiyidwira mileme, imene imanyamula nkhuyu kukadyera kwina, mbewu n'kumagwa m'njira. Mikuyu yambiri imene timaiona m'mbali mwa mitsinje inadzalidwa motero, popanda munthu kugwira khasu.

Mukukumbukira mwambi uja, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere? Tizilombo tambiri timene tinkatipeza tikang'amba nkhuyu tili ana ndi timavu ting'onoting'ono. Maluwa a mkuyu ali m'kati mwa chipatso chenichenicho. Kamavu kakakazi kamalowera pa kabowo ka kunsonga katanyamula mungu wochokera mu mkuyu wina, n'kuikira mazira momwemo. Popanda iko mbewu za mkuyu sizingamere, ndipo popanda mkuyu iko kalibe poswera. Chinanso, mikuyu sibereka yonse nthawi imodzi; uwu ukatha, wina kutsidya wayamba. N'chifukwa chake nyengo ngati ino, tchire litapsa, udzu utauma, mbalame zimathawira ku mtengo ngati wanuwu.

Ndipo kothawira kukuchepa, achemwali. Usiku tikayang'ana kuphiri timaona moto uli lawilawi, m'mawa njinga za makala ndi mitolo ya nkhuni zikutsika. Sindiwaweruza anthu amenewa, ndi njala imawatuma. Koma zotsatira zake n'zakuti mtengo waukulu umodzi wotsala pakati pa nyumba tsopano ukusenza ntchito imene kale inali ya nkhalango yonse.

Nkhawa yanu ya mizu ndi yoona, sindikuitsutsa. Mizu ya mkuyu imalondola madzi, imatha kulowa m'mapaipi ndi m'dzenje la chimbudzi. Koma mtengo uja uli pakona ya kumunsi, kutali ndithu ndi maziko a nyumba. Ndinalankhula ndi mmisiri wamkulu, ndipo wavomera kuti dzenje likhoza kukumbidwa mbali inayo popanda kuonjezera ndalama. Nthambi ziwiri zoloza kwa aneba tikhoza kuzisadza. Za simenti, thirani polowera galimoto ndi m'mbali mwa nyumba basi. Bwalo la simenti lokhalokha mu Okutobala simungapondepo opanda nsapato, ndipo mvula ikagwa madzi amasowa polowa, onse amathamangira kwa anthu a kumunsi. Chichokereni namondwe Freddy mu Malichi 2023, kuno palibe amene amatenga madzi othamanga mwamasewera.

Ndikuuzeniko zimene ndimachita pakhomo panga, poti malo anga ndi aang'ono kuposa anu.

Chachikulu ndi madzi. Ndinatenga phale la mtsuko wosweka, losaya, ndinaliika pa chitsa pafupi ndi mtengo wa mabulosi, n'kuikamo miyala ingapo yotulukira pamwamba. Kuya kwake sikupitirira mfundo ziwiri za chala. Masana dzuwa likafika paliwombo, timpheta timatera pa nthambi ya m'munsi, kusuzumira uku ndi uku, kenaka kamodzi kamalimba mtima n'kutsika. Kamayamba kamwa, kenaka kamaviika chifuwa n'kukupiza mapiko, madzi kuwazikira pa fumbi. Anzake akaona kuti palibe choopsa amatsika onse pamodzi, mpaka pumbwa atabwera kudzawabalalitsa. Njuchi zimatera pa miyala ija n'kumamwa osamira. Phalelo liyenera kukhala pamwamba, pamalo oti mphaka sangabisale pafupi. Madzi ndimataya n'kutsuka pakatha masiku awiri, chifukwa mphutsi za udzudzu zimafuna pafupifupi sabata kuti zisanduke udzudzu wouluka. Apa ndiye osachita ulesi, malungo si nkhani yocheza.

Kusesa nakonso ndinasintha. Amayi athu anatiphunzitsa kuti bwalo la mkazi waukhondo liziti mbee, zinyalala zonse pamoto. Kutsogolo kwa nyumba ndimasesabe chimodzimodzi. Koma masamba sindiotcha. Ndimawaunjika pansi pa mitengo kuseri, kutali ndi khoma poopa chiswe. Mvula ikagwa, mukafukula pansi pake mumapeza nyongolotsi ndi dothi lakuda lonunkhira bwino, ndipo achule amabisala momwemo masana. Usiku amatuluka kukasaka nkhono ndi tizilombo m'mabedi a mpiru. Nkhwani wanga ndimasiya wina kuti achite maluwa, poti maungu ali ndi duwa lachimuna ndi lachikazi padera, ndipo njuchi zikapanda kunyamula mungu timaungu timangofota tili tating'ono. Mapeyala anu aja nawonso amadalira tizilombo touluka tomweti.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi poizoni. Anthu amagula temeki pamsika kuti aphe makoswe, khoswe uja n'kukafera panja. Akamutola kadzidzi kapena mphaka, nayenso wapita, osanena za nkhuku, agalu ndi ana aang'ono otolatola. Ndikudziwa zimene tinakulira nazo, kuti kadzidzi akalira padenga ndi malodza, ndipo sindinyoza amene amaopa. Ine ndimaona mbalame imene yabwera chifukwa pakhomo pali makoswe, ndipo banja limodzi la akadzidzi likamalera ana limagwira makoswe usiku uliwonse osalipidwa. Bilimankhwe naye amaphedwa ulele. Alibe ululu, amangodya ziwala ndi ntchentche. Mankhwala opopera ndimawapewa m'dimba la pakhomo. Nsabwe za m'masamba zikachuluka ndimasinja masamba a nimu, kuviika usiku wonse, kuthiramo sopo pang'ono n'kuwaza madzulo njuchi zitapita kogona.

Mufunsa za njoka, ndikudziwa. Kuzungulira nyumba udzu uzikhala wotchetcha, nkhuni ndi milu ya njerwa zikhale patali, zinyalala za chakudya zisaitane makoswe, ndipo usiku ana azituluka ndi tochi. Kathengo koti zamoyo zizibisalamo kakhale kumunsi kokha, pansi pa mkuyu.

Nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, ndiye tili ndi nthawi yokonza maenje. Mukandilola, ndidzale muwale m'mbali mwa mpanda. Umagwira ngakhale mutangozika nthambi, ndipo maluwa ake ofiira amatuluka m'chilimwe masamba asanaphuke, nthawi imene timbalame ta milomo yaitali toyamwa timadzi ta m'maluwa tikusowa chakudya. Ndionjezere nthudza, mpoza ndi mapapaya awiri atatu, kuti papaya lina lizipsera mumtengo likhale la mbalame. Bulugama ayi, amamwa madzi ambiri ndipo pansi pake sipamera kanthu kolongosoka. Lantana naye ngakhale agulugufe amamukonda ndimamuzula, chifukwa mbalame zimamwaza mbewu zake ndipo akalowa m'tchire amatsamwitsa zomera zathu, ng'ombe zikadya masamba ake zimadwala.

Munandiuza nokha kuti aneba anu kumeneko amagula mbewu m'sitolo n'kumapachika panja kuti mbalame zidye, ena mpaka kuboola mpanda m'munsi kuti akanungu azidutsa. Bungwe loteteza mbalame kumeneko la RSPB lakhala likupempha anthu kuwerenga mbalame za pakhomo kwa ola limodzi mu Januwale kuyambira 1979. Anthu kumeneko akuvutikira kuitana zimene inu muli nazo kale pa puloti popanda kulipira tambala. Anamzeze amene amamanga zisa m'makola a ku Britain amanyamuka cha mu Seputembala, kuwoloka chipululu cha Sahara mpaka kukafika ku South Africa, ndipo anzawo ochokera ku Ulaya ayamba kale kutera pa mawaya a magetsi kuno. Ndikawaona ndimaganiza za inu, komanso za kalabu yathu ya za chilengedwe ija kusukulu, pamene alendo a bungwe loteteza nyama ndi chilengedwe la WESM anatibwereka zoonera patali ife n'kumalandizana mpaka belu kulira. Ana anu akadzabwera kutchuthi ndikufuna adzadzutsidwe ndi apumbwa, adzaone gulo ndi maso awo, ndipo ndidzawauza kuti legeni ndi ulimbo pakhomo pamenepo n'zoletsedwa, monga ndauzira kale ana a aneba.

Amisiri akufuna kuyamba mpanda mvula isanagwe, ndiye mundiyankhe sabata ino. Mukavomera, ndiwauza asiye timipata m'munsi mwa khoma la kumunsi kuti madzi ndi achule azidutsa, ndipo asakandire simenti pafupi ndi tsinde la mtengo. Kambiranani ndi alamu, muwaonetsenso kavidiyo kamene nditumize mawa m'mamawa, mukweze mawu pomvetsera.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Amayi akuti musaiwale mankhwala opaka a mawondo aja mukapeza wobwera kuno.

Ndine mnzanu wa kalekale.