Nangula wabwino sitiyeza ndi sikelo yokha

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata ndiyankhepo pa nkhani munalemba ija ya anthu oyenda maulendo ataliatali pa boti la matanga, makamaka pamene munati nangula wodalirika ndi amene ali wolemera basi. Inenso ndinkakhulupirira zomwezo ndipo zinatsala pang'ono kundiswera boti pamiyala ana anga ali momwemo.

Tsikulo tinaima pagombe lina lobisika bwino, madzi akuya mamita 4, pansi pali mchenga ndi udzu mwa apo ndi apo. Nangula wanga anali wa makilogalamu 16, wooneka ngati pulawo uja amati CQR, koma sanali weniweni, anali wongokopera mapangidwe ndipo ndinamukonda chifukwa amaphetima. Cha m'ma 2 koloko usiku mphepo inatembenuka, boti linazungulira monga limachitira, nangula anazuka ndiye m'malo moti akumbenso anangogona cham'mbali n'kumakhwekhwereka. Chinandidzutsa ndi kulira kwa tcheni pansi pa boti, kutuluka panja ndi tochi ndikuona miyala tinaisiya kutali madzulo ija ili pafupi zedi, mayi akunyumba ndi amene analiza injini ine ndili kutsogolo kukoka tcheni ndi manja mpaka zikhatho kusupuka. Nangula atatuluka kunsonga kwake kunali chimpukutu cha udzu, kusonyeza kuti sanalowe pansi n'komwe.

Ndiye funso lofunika kwa munthu wogona pa boti ndi ili, nangulayu amalowa pansi msanga? Nanga mphepo ikatembenuka amakumbanso yekha? CQR weniweni anapangidwa ndi wasayansi wa ku Britain Geoffrey Taylor mu 1933 ndipo wasunga maboti ambirimbiri, sindikumunyoza ayi, koma pansi polimba kapena pa udzu amavuta kulowa. Nangula wa mtundu wa Danforth ndi wopepuka ndipo mumchenga kapena m'matope amagwira koopsa bola chikoka chikhale cha mbali imodzi, boti likazungulira amatha kuzuka ndipo kamwala kakangodzipanikiza pakati pa mapiko ake zake zada. Ameneyu, kapena Fortress wa aluminiyamu, ndi woyenera kukhala nangula wachiwiri. Nangula wa mtundu wa Bruce anayambira pa ntchito zokumba mafuta kunyanja ya North Sea m'zaka za m'ma 1970, amakola msanga koma amafunika akhale wamkulu ndithu kuti agwire mwamphamvu.

Ine ndimalimbikitsa anangula atsopanowa monga Spade wa Alain Poiraud wa ku France ndi Rocna wa Peter Smith wa ku New Zealand. Mapangidwe awo ali ngati fosholo, amatapa dothi n'kumazama pamene boti likukoka, pomwe pulawo ntchito yake ndi kung'amba dothi n'kumapita. Rocna ali ndi chitsulo chopindika pamwamba chimene chimamugubuduza kuti nsonga iloze pansi ngakhale atagwa chagada, kungoti chitsulo chomwecho pa maboti ena chimagunda kutsogolo osakhala bwino, ndiye yezani kaye musanagule. Pa kukula onani tchati cha opanga, ndipo ngati boti lanu ndi lodzadza katundu wa paulendo tengani saizi yotsatira chifukwa mphepo ikawirikiza kawiri liwiro mphamvu yake pa boti imawirikiza kanayi, anthu ambiri izi sazidziwa.

Komanso pamenepa ndidzidzudzule, usiku uja ndinatulutsa tcheni chachifupi. Nangula amagwira akamakokedwa chogona, mukamukoka choimirira ndiye kuti mukumuzula nokha. Werengani kuya kwa madzi, muphatikize kutalika kochokera pamadzi kufika pamphuno pa boti, kenako muchulukitse ka 5 ngati ndi tcheni, ka 7 ngati ndi chingwe kapena kunja kukuoneka kuti kuipa. Kwa ine mamita 4 kuphatikiza 1 zimafuna mamita 25, ine ndinali nditatulutsa 15 okha. Kunyanja kumene madzi amakwera ndi kutsika muwerengere pamene adzadza. Pa tcheni mangiriranipo chingwe cha nayiloni chifukwa chimatamuka n'kumeza kugwedeza kwa mafunde, ndipo kabawuti kolumikizira nangula ndi tcheni kamangeni ndi waya, kamamasuka kokha pang'onopang'ono inu osadziwa.

Panopa ndikaponya nangula ndimabweza boti cham'mbuyo ndi injini pang'onopang'ono kenako kuonjezera moto kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, maso ali pa zinthu ziwiri za kumtunda zimene zili pamzere umodzi kuti ndione ngati boti likusuntha, dzanja lili pa tcheni. Chikamanjenjemera ndimadziwa kuti akukhwekhwereka, ndimazula n'kuyambiranso ngakhale ndatopa bwanji, kenako ndimatchera alamu ya GPS, yolira boti likachoka pamalo pake, ndisanagone.

Chonde a Mkonzi mukamadzalembanso za maboti mukonze mfundo ija, pali ena angoyamba kumene amene akasankha nangula potengera zimene anawerenga mu nyuzipepala yanu.

Ine wanu,
Wowerenga wokonda maulendo a pamadzi