Epuloni yopindidwa siteteza munthu

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za ife ogwira ntchito m'zipinda za opaleshoni, momwe makina a X-ray amayaka dokotala akulowetsa kachubu mumtsempha wa mtima kapena akulumikiza fupa. Wodwala amalandira cheza tsiku limodzi n'kubwerera kwawo. Namwino ndi dokotala amaima pomwepo chaka ndi chaka.

Cheza chambiri chimene chimatipeza chimamwazika kuchokera m'thupi la wodwalayo. N'chifukwa chake kusunthira m'mbuyo kumathandiza: ukachoka pa mita 1 n'kuima pa mamita 2, chimatsala gawo limodzi mwa magawo 4.

Koma chandilembetsa kalatayi ndi epuloni ya mtovu, imene timavala kuti itchinge cheza. Pachipatala china pomwe ndinkagwira ntchito ankangoipinda n'kuiponya pampando. Kunja inkaoneka yabwinobwino. Tsiku lina titaiunika pa X-ray, tinapeza mng'alu pachifuwa penipeni. Ndinali nditaivala miyezi ingapo, mtima uli m'malo! Epuloni imafunika kukolekedwa, ndipo iziunikidwa chaka chilichonse.

Maso nawo timawaiwala. Mu 2011 bungwe la ICRP, lomwe limalangiza mayiko za kudziteteza ku cheza, linatsitsa mlingo wa cheza chololedwa kufika m'diso la wantchito kuchoka pa 150 mSv kufika pa 20 mSv pachaka (mSv ndi muyeso wa cheza chimene munthu walandira), poona kuti ng'ala imayamba ndi cheza chochepa kusiyana ndi mmene ankaganizira kale.

Ndikupempha akuluakulu a zipatala agule magalasi a mtovu ndi kolala zoteteza chithokomiro. Tibaji toyeza cheza nato tiziwerengedwa pa nthawi yake, ndipo mwiniwake aziuzidwa zotsatira, osati kungozitsekera m'kabati.

Ine wanu,
Namwino wa m'chipinda cha opaleshoni