Lipoti la ulendo wa ku Lilongwe ku msonkhano wa masapota a Flames

A Tcheya, a komiti ndi nonse a m'gulu lathu la masapota kuno ku Ntcheu, ndabwerako bwino. Ndaganiza zolemba pompano pa WhatsApp chifukwa Lamulungu lapitali titakumana kuseri kwa golosale kuja tinalipo anthu 9 okha, ndipo amene sanabwerewo ndi omwe akufunsa kwambiri za ndalama.

Ndiye ndiyambe ndi ndalamazo kuti mitima ikhale pansi. Munandipatsa K150,000. Basi yopita ndi yobwera yadya K56,000, chifukwa popita minibasi inatithera mafuta pa Linthipe, kondakitala n'kuzimiririka ndi chigubu, ine n'kukwera ina polipiranso. Pogona masiku awiri K50,000, chipinda chogawana ndi mnzathu wa ku Salima amene mkonono wake sindidzauiwala. Chakudya K24,000, kabaza K11,000. Yotsala K9,000 ndapereka kwa a msungichuma pamaso pa a mlembi. Malisiti onse alipo kupatula a kabaza, poti wakabaza salemba lisiti. Alawansi imene okonza msonkhano anapereka ndi yanga monga tinagwirizanirana ndisananyamuke, ndipo amene akuti anandiona ku Bwandilo afunse bwino maso awo.

Tsiku loyamba m'mawa wonse unathera malonje, mapemphero, kuwerenga malamulo ndi lipoti la zachuma limene ambiri tinalimvera tikuwodzera. Palibe chimene munaphonya.

Zinthu zinatentha titadya nkhomaliro. Wotsogolera zokambirana anafunsa funso limodzi lokha: bwanji munthu yemweyo amene amagulitsa nkhuku kuti akaonere Bullets ndi Wanderers, Flames ikamasewera amati ndimvera pa wailesi? Mnyamata wina wa ku Mzuzu anadzuka asanalozedwe n'komwe. Iye anati kusapota Flames kuli ngati kulima fodya: chaka chilichonse pochoka ku okushoni umalumbira kuti ndasiya, koma ikafika nthawi ukupezekanso ku nazale ndi kheni m'manja. Holo yonse inafa nacho chiseko, koma mwini wake sankaseka. Anatikumbutsa za mu September 2024, pamene Burundi inatikwapula 3-2 pakhomo pathu pa Bingu, iye atayenda usiku wonse kuchokera ku Mzuzu. Kenako mu November chaka chomwecho, mwayi wopita ku AFCON utatha kalekale, anyamata omwewo anaswa Burkina Faso 3-0. "Mankhwala ofika maliro atatuluka kale m'nyumba," anatero. Akuti tsiku limenelo anasowa chochita, kuvina kapena kutukwana, ndipo anachita zonse ziwiri.

Pamenepo m'pamene anadzuka bambo wina wachikulire wa ku Ndirande, ndipo ndikuuzeni abale, K150,000 yanu ija inabwerera pa bambo ameneyu. Anavala jekete yakuda yothetheka m'zigongono, m'thumba muli kawailesi kakang'ono komangidwa ndi mphira ya njinga. Sanagwire maikolofoni. Anangoyamba kuwerenga ndi zala: 1978, 1979, 1988, zaka zimene Malawi anatenga chikho cha mayiko a kummawa ndi pakati pa Africa. Anatchula Kinnah Phiri ndi zigoli zake 71, Jack Chamangwana, Young Chimodzi, Lawrence Waya, Ernest Mtawali, ngati akutchula ana a mlongo wake. Anati 1984 tinapita ku AFCON koyamba ku Ivory Coast, kenako tinadikira zaka 26 kuti tipitenso mu 2010 ku Angola, kumene tinagwetsa Algeria 3-0 anthu n'kumafunsana ngati wailesi yalakwitsa. Masewero awiri otsatira tinaluza kwa Angola ndi Mali, n'kubwerako. Mu June 2008 iye anali pa Kamuzu Stadium pamene Chiukepo Msowoya anachinya Egypt, akatswiri a Africa panthawiyo, mpira utatsala pang'ono kutha. Akuti nsapato imodzi inatsala m'bwalomo, anakwera phiri la Ndirande phazi limodzi lili pansi, ndipo mayi a kunyumba sanamufunse kanthu chifukwa nawonso anali pamsewu akuvina.

Atamaliza anatembenukira mnyamata wa ku Mzuzu uja n'kunena kuti, "Mwana wanga, ine timu imeneyi ndaitukwana kuyambira usanabadwe. Wotukwana sindimuopa, ameneyo ndi wathu. Ndimaopa mdzukulu wanga amene ndikamufunsa kuti Flames yatha bwanji amandiyankha kuti kodi imasewera lero?" Muholo munangoti zii. Ine ndinaganiza za anyamata athu a pa siteji amene angakutchulireni osewera onse a Arsenal mpaka a pabenchi, koma goloboyi wa Flames samudziwa.

Ndikudziwa kuti ena m'gulu lathu, ndipo a wachiwiri kwa Tcheya ananenapo poyera, amafuna kuti membala wonyoza Flames pa gulu pano azichotsedwa. Nditamva bambo uja, ine maganizo amenewo sindigwirizana nawo ngakhale pang'ono. Tikachotsa onyoza titsala angati? Munthu amene walemba mauthenga 15 usiku akudandaula za kochi ndiye kuti mpira wauonera mpaka kumapeto. Amene tiyenera kuwalondola ndi aja anasiya kulemba.

Pa mfundo zimene zinamangidwa, yoyamba ndi ya majezi. Msonkhano unagwirizana kuti Flames ikamasewera, masapota asamavale jezi ya kalabu, aliyense avale zofiira. Chifukwa chake n'chomveka. Tonse tinaonapo munthu wa Manoma akukuwiza wosewera wa Bullets amene wavala jezi ya dziko, kapena wa Bullets akuwomba m'manja wa Silver akaphonya, ngati kuti chigolicho chikanalembedwa ku Area 47 kwawo kwa Silver. Kochi akatulutsa mayina, ambiri sitiyang'ana ngati timu ili yolimba, timawerenga kuti athu alowa angati. Koma ine dzanja sindinakweze. Jezi yeniyeni mtengo wake ndi thumba la chimanga kapena kuposa, ndipo chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 palibe chatsikapo. Munthu ali ndi jezi imodzi yokha, ya buluu, imene anagula pa kaunjika, ndiye timubweze pa geti? Ndinapempha kuti mawu akhale akuti "tikulimbikitsa" osati "tikuletsa". Anandigonjetsa pa mavoti, koma mlembi wa msonkhano analemba kuti Ntcheu inatsutsa. Kuno kwathu ndikupempha kuti tisakakamize munthu. Nsalu yofiira ya mamita 6 tikhoza kudula timipango tokwanira tonse.

Yachiwiri ndi imene ndinanyamula kuchokera kwa inu, ya matikiti. Ndinaiyankhula ndithu, ndipo anzathu a ku Karonga, Mangochi ndi Nsanje anaikira kumbuyo. Ife a m'maboma timalipira kawiri: thiransipoti, kenako n'kukapeza matikiti otsika mtengo atha, atsala ali m'manja mwa mavenda. Anagwirizana kulemba kalata yopempha kuti matikiti ena azigulitsidwa m'maboma kudakali sabata, komanso kuti mageti azitsegulidwa msanga. Pa za magetizi munthu wina anakumbutsa za pa 6 July 2017, pamene anthu 8, ambiri mwa iwo ana, anafa pa kupondana pa geti la Bingu, ndipo tinaima kaye chete mphindi imodzi. A kumpoto anawonjeza kuti iwo timu ya dziko amangoionera pa kanema ngati ya dziko lina, ndipo wina anati mu 2021 tonse tinalawa zimenezo pamene masewero athu a pakhomo a World Cup ankachitikira ku Orlando Stadium ku Johannesburg chifukwa mabwalo athu sanavomerezedwe.

Tsopano ndilowe pa nkhani imene ena simuifuna. Pamene ankakamba za AFCON ya ku Cameroon, aliyense anali ndi nkhani yake ya January 2022: zigoli ziwiri za Gabadinho Mhango pa Zimbabwe, penate ija oyimbira anatipatsa pa Senegal kenako n'kuilanda atakaonera pa VAR, ndi chigoli chija cha kutali pa Morocco mpira utangoyamba. Ine ndinawauza zathu, kuti usiku umenewo mu vidiyo sho ya pamsika wa Bullets anakumbatira wa Manoma, ndipo benchi inathyoka anthu 7 atakwerapo nthawi imodzi. Anaseka kwambiri. Chimene sindinawauze n'chakuti benchi imeneyo mpaka lero sitinalipire. Tinalonjeza mwini malo pamaso pa anthu, tinasonkha, ndipo ndalamayo inalowa m'buku koma kwa kalipentala sinafike. Ndiye tisamadabwe kuti Flames ikagundana nthawi ndi mpira wa ku England, mkulu uja amaika wa ku England ife n'kumamvera pa foni panja. Tikumunena kuti sakonda dziko lake, chonsecho ngongole ili kwa ife. A msungichuma akale adakali pa gulu pano, amawerenga mauthenga onse, timaona timizere tiwiri ta buluu. Atiuze.

Chimodzimodzinso ng'oma. Magulu anzathu anabwera ndi ng'oma zawo ndipo madzulo kunali kuyeserera nyimbo. Ine ndinangowomba m'manja ngati mlendo pa chinkhoswe. Ng'oma yathu inapita ku ukwati ku Kampepuza chaka chatha, ndipo aliyense akuti ili kwa uje.

Tsiku lachiwiri kunali phunziro la kalembedwe ka malipoti ndi lina la kagwiritsidwe ntchito ka Facebook. Mapepala ake ndabwera nawo, ofuna adzatenge.

Chimene chinandigwira mtima tsikulo ndi mayi wina wa ku Zomba. Anadikira amuna onse atamaliza kulira za Flames, n'kufunsa kuti, "Inu abambo, mwana wolephera mayeso mukumulirira masiku awiri, nanga wokhoza uja munamugulirako ngakhale kope?" Ankanena Scorchers, timu ya dziko ya mpira wa amayi. Anatikumbutsa kuti atsikanawa anatenga chikho cha COSAFA mu 2023 atagonjetsa Zambia 2-1 mu fainolo, kuti Temwa Chawinga anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024 n'kusankhidwa wosewera wopambana onse, ndipo mkulu wake Tabitha wasewera ku Inter Milan, PSG ndi Lyon. Anati ngakhale ma Queens a netibo atagonjetsa New Zealand mu 2018 chisangalalo chinatha sabata imodzi. Palibe mwamuna anayankha. Mfundo inadutsa popanda wotsutsa kuti magulu onse azikonzekera masewero a Scorchers mofanana ndi a Flames. Apa dzanja ndinakweza, koma manyazi anandigwira, chifukwa mu komiti yathu ya anthu 8 mulibe mayi ngakhale mmodzi. Amayi a m'gulu lino timawakumbuka pakafunika kuphika mpunga wa paulendo. Chisankho chikubwerachi tikonze zimenezi, ndipo ngati mpando ukusowa, wanga wa ukomiti membala ndiupereka.

Mfundo yomaliza ndi ya makadi. Akufuna membala aliyense alembetse ndi kulipira K5,000 pachaka, kuti mwina m'tsogolo wokhala ndi khadi azidzagula tikiti motsika mtengo. Mawu akuti "mwina" ndawalemba dala, chifukwa nditafunsa kuti zimenezi walonjeza ndani, yankho linali loti zikukambidwa. Ine ndikuti tidikire kaye. Ifeyo pa mamembala 43, amene amapereka K1,000 ya pamwezi ndi 14. Tikawauza za K5,000 ya khadi limene phindu lake silinaoneke, ndi 14 omwewo athawa. Ndinawauza okonza msonkhano kuti yankho la Ntcheu lidzabwera tikakambirana, sindinasaine kanthu m'dzina lanu.

Bambo wa ku Ndirande uja ndinakwera naye basi imodzi pobwerera. Anagona kuyambira pa Nathenje, kawailesi kali pachifuwa, ndipo anadzidzimuka pa Dedza n'kundifunsa ngati kwathu kuli ana amene amabwera kudzaonera Flames. Ndinati alipo koma amaima pawindo chifukwa cha K300 ya pakhomo. Anapisa m'jekete n'kundipatsa K2,000 kuti masewero akubwerawa ana 6 adzalowe, yotsalayo adzagule chimanga chootcha. Ndalamayo ili ndi a mlembi mu envulopu yakeyake, isasakanizidwe ndi ya gulu.

Tikumane Lamulungu likubwerali 3 koloko pamalo pomwe paja. Tidzakambirane za makadi, za nsalu yofiira ndi za benchi. Amene ali ndi ng'oma abwere nayo, sitimufunsa mafunso.