Kusamala chilengedwe kulowe pa fomu yopimira ntchito

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi akuluakulu a makampani ndi mabungwe kudzera m'nyuzipepala yanu. Ndimagwira ntchito mu ofesi yoona za antchito, ndipo zimandiwawa kuona nkhani yosamala chilengedwe ikuthera pa kapepala komata pakhoma kakuti tizizimitsa magetsi poweruka.

Chopinga chachikulu ndi fomu yopimira kagwiridwe ka ntchito. Munthu amalimbikira chimene abwana adzamufunse pakutha kwa chaka. Dalaivala amene amamuwerengera maulendo okha, osayang'ana mafuta amene wapulumutsa, adzasiya injini ikulira podikira katundu. Kapitawo wa m'fakitale amene bonasi yake imadalira kuchuluka kwa katundu wopangidwa sangaimitse makina kuti anthu ake akaphunzire kusiyanitsa zinyalala. Anthuwa sindikuwaimba mlandu, akungotsata zomwe zili pa fomuyo.

Palinso nkhani ya bajeti. Ndalama za maphunziro zimachoka ku ofesi yathu, koma bilu ya magetsi ikatsika, otamandidwa amakhala a dipatimenti ina. Ndiye zinthu zikathina, maphunziro omwewo ndi amene amayamba kudulidwa. Aganyu, amene amagwira mankhwala ndi zinyalala ndi manja awo, kawirikawiri saitanidwa n'komwe.

Muyezo wa ISO 14001, umene ndi ndondomeko ya padziko lonse yothandiza makampani kusamala chilengedwe, ndipo unatuluka mu 1996 n'kukonzedwanso mu 2015, umafuna kuti akuluakulu eniake atsogolere komanso kuti antchito aphunzitsidwe. Komatu m'malo ambiri udindo wonse amautula kwa munthu mmodzi wopanda mphamvu yolamula aliyense, ndipo mafayilo amakumbukiridwa oyendera oona ngati muyezowu ukutsatidwa akatsala pang'ono kufika.

Mantha nawo tisawapeputse. Mu 2018 bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO lidati kusintha kagwiritsidwe ntchito ka mphamvu monga magetsi ndi mafuta pofuna kusamala chilengedwe kungabweretse ntchito zatsopano 24 miliyoni pofika 2030, koma zina pafupifupi 6 miliyoni zidzatha. Kalaliki wosunga mafayilo akamva zoti tisiya mapepala, amaganiza za ana ake, ndipo sakulakwa. Mukapanda kumuuza chimene adzachite mawa, adzakuvomerani pamsonkhano n'kupitiriza zakale.

Pempho langa kwa mabwana n'lakuti muyambe ndi mafomu anu. Lembanipo magetsi, madzi, mafuta ndi zinyalala, ndipo bonasi yanu idalirenso zimenezo. Mukatero, itanani a bungwe la antchito mukambirane za mafomu a enafe.

Ine wanu,
Wogwira ntchito mu ofesi yoona za antchito