Kachipewa ka ŵ ndi mbendera yathu

Achimwene,

Ndikhulupirira mukudzuka bwino ku Johannesburg kumeneko. Kuno ku Chitakale chiperoni chatitsekera m'nyumba masiku atatu, phiri silikuoneka n'komwe, ndiye ndangokhalira kulimbana ndi kapulogalamu ka Python kaja munandiyambitsa, kosunga mauthenga a alimi a tiyi.

Mawu oti Malaŵi ndiwo anayamba kundizunguza. Ndikawafufuza, mauthenga ena ankatuluka, ena ayi, chonsecho m'maso akuoneka chimodzimodzi. Ndinafunsa unicodedata.name(), chida cha Python chotchula mayina a zilembo mu Unicode (dongosolo lopatsa zilembo nambala ndi mayina), dzina la chilembo chilichonse, ndipo chinsinsi chinaululika. Ena analemba ŵ wathunthu, U+0175, dzina lake LATIN SMALL LETTER W WITH CIRCUMFLEX, pomwe ena analemba w wamba kenako kachipewa pakokha, U+0302. Nditagwiritsa normalize ya NFC, yomwe imaphatikiza chilembo ndi kachipewa kake kukhala chimodzi, ziwirizo zinagwirizana.

Koma mbendera yathu ya mu emoji, tizithunzi ta pa foni tija, ndiyo inandigoneka usiku. Ndinaipereka kwa name(), yangondibwezera uthenga wa cholakwika, TypeError, ati imalandira chilembo chimodzi basi. Kuwerenga zilembo zake ndi len(), ziwiri! Kani mbenderayo ndi REGIONAL INDICATOR SYMBOL LETTER M yotsatana ndi inzake ya W, foni ndiyo imazijambula kukhala dzuwa lotuluka lija. Paja munkadandaula kuti pa Windows mumangoona MW? Chifukwa chake n'chimenecho.

Kachithunzi ka mayi wolima nako n'kophatikiza zitatu: WOMAN, kenako ZERO WIDTH JOINER, chilembo chosaoneka cholumikizira zinzake, U+200D, pomaliza EAR OF RICE. Mpunga, achimwene! Ngati kuti mlimi aliyense ndi wa ku Karonga. Ife a tiyi anatipatsa TEACUP WITHOUT HANDLE, U+1F375, kapu yopanda chogwirira, tiyi wake wobiriwira, wosathira n'komwe mkaka.

Mayina a zophatikiza zoterezi mu unicodedata mulibe. Amachokera ku CLDR, nkhokwe ya Unicode ya mayina ndi zinthu za zilankhulo, ndipo ndinawapeza m'fayilo ya Unicode yotchedwa emoji-test.txt. Ndaikopera, ndipo pulogalamu ikamafufuza dzina imayamba yayesa mndandanda wautali wa zilembo, ikalephera n'kumafupikitsa. Mukayamba ndi waufupi, mayi uja amasanduka mayi payekha ndi mpunga pawokha. M'fayilomo mbendera yathu analemba kuti "flag: Malawi", kachipewa kaja palibe, ndipo zandinyansa pang'ono.

Ndikutumizirani fayiloyo pa WhatsApp magetsi akayaka, muione ngati sindinaphonye. Amayi akupereka moni, akuti bulangete lija musaiwale pobwera.

Ndine mnzanu wa pansi pa phiri.